Kamtondo ka Hajja Awatef

Mwana wa Nermin anabadwa ali m'tulo, ndipo anapitiriza tulo take ngati kubadwa ndi kankhani kosayenera kudzukira. Analira kamodzi kokha, kuti anamwino asiye kumuvuta, kenaka anatsinzina zolimba. Dokotala anamukweza zikope ndi chala, anawalitsamo katochi, n'kunena kuti maso ali bwinobwino, kungoti mwanayu amadana ndi kuwala. Poyamwa m'chipinda chotseka makatani ankatsegulako pang'ono, kamng'alu konga ulusi, koma wina akangowerama kuti aone, basi, watseka.

M'nyumba yathu yosanja ya ku Moharram Bey, mu Alexandria, nkhani sichedwa. Imatsika m'dengu la chingwe limene amayi amagulira tomato ali pakhonde, n'kukweranso pa masitepe ndi wogulitsa gasi. Ndiye pofika tsiku lachitatu aliyense ankadziwa kuti pansanja yachitatu, kwa Hajja Awatef, pali mwana amene ngakhale bambo ake omubereka sanamuone maso.

Bambo akewo ndi Skander, wa ku Tunisia. Anabwera kuno zaka ziwiri zapitazo kudzakonza makina kudoko. Ankati akhala miyezi itatu, ndipo anakhaladi miyezi itatu, kungoti pochoka anachoka ndi Nermin, mwana yekhayo wa Hajja. Amakhala ku Sfax, kwawo kwa mwamuna. Mimba itakula, Nermin anabwera kudzachirira kwa mayi ake monga achitira aliyense pa mimba yoyamba, ndipo Skander anamutsatira ndi tchuthi cha milungu inayi.

Hajja anali atawerengera kale masiku awo. Makumi anayi a chikuta, mwana wawo ali pafupi, akumwa mughati, chakumwa chotentha cha amayi ochira chothira mtedza pamwamba, osatuluka panja, osanyamula ngakhale ketulo. Chimwalirireni amuna awo, Nermin n'kupitanso, m'nyumbamo munkangomveka wailesi ndi firiji.

Koma ku Sfax kunali nkhalamba. Bambo ake a Skander, amene onse amawatcha Si Moncef, anakhala moyo wawo wonse akukonza mawotchi, kagalasi kali m'diso, ndipo tsopano masowo anali kuzima. Lakumanja linazima chaka chatha. Lakumanzere linatsala ndi kampata pakati, ngati munthu akusuzumira pabowo la kiyi, ndipo kampatako kankachepa mlungu ndi mlungu. Pa foni sankaona kanthu, kuwala kokha. Nkhope ya munthu ankaiona ikakhala pafupi penipeni, padzuwa. Dokotala wa kumeneko anauza mlongo wake wa Skander mosapsatira kuti ngati pali chimene bambo akufuna kuona, achione mwezi uno.

Nermin anamva zimenezi m'mawa wa tsiku lachinayi. Skander anali pakhonde, foni ili kukhutu, akungovomera m'kalankhulidwe kakwawo kothamanga kaja. Atalowa anakhala m'mphepete mwa bedi n'kumayang'ana makatani.

"Akuti bwanji bambo?"

"Akuti tisavutike ndi kamwana kakang'ono chonchi. Adzamuona ndi manja." Anayesa kuseka, koma kusekako kunathera panjira.

Nermin anayang'ana mwana wake. Anali atamutcha kale Baya, dzina la malemu mkazi wa nkhalambayo. Anakumbukira tsiku loyamba atafika ku Sfax, ali mlendo wosamva n'komwe nthabwala za m'nyumbamo. Si Moncef anaona wotchi yakufa ya malemu bambo ake ili pamkono pake, sanafunse kanthu, anangotambasula dzanja. Mawa lake anamubwezera ikugunda.

"Tsiku lako lobwerera, tinyamukira limodzi," anatero Nermin. "Tonse atatu."

Kunena n'kosavuta. Mwana wa mayi wa ku Egypt ndi bambo wa ku Tunisia, kuti atuluke muno ankafunika pasipoti ya kuno, ndipo kuti akalowe uko ngati mwana wa pakhomo, osati mlendo wopempha chilolezo, ankafunika pasipoti ya uko. Mapasipoti awiri, kamunthu ka makilo atatu kosadziwa n'komwe kuti kali ndi manja.

Hajja atamva anaika kapu ya mughati patebulo mwamphamvu mpaka mtedza unadumpha.

"Chikuta n'cha masiku makumi anayi. Sindinayambitse ndine."

"Amayi, bambo aja maso akutha."

"Ndamva, Mulungu awachitire chifundo. Koma mdzukulu wanga sajambulidwa sebuu isanachitike. Chithunzi chimadutsa m'manja angati? Kalaliki aliyense wa diso loipa azimuyang'ana?"

"Apongozi, makalaliki sayang'ana n'komwe," anatero Skander mofatsa. "Amangodinda."

"Inu akamwini, kwanu mumadya tsabola m'mawa. Musandiphunzitse za ana."

Anagwirizana kuti adikire sebuu, mwambo wa tsiku lachisanu ndi chiwiri. Tsikulo nyumba yonse inakwera pansanja yachitatu. Ana anayenda pa masitepe ndi makandulo akuimba, Tanti Soheir a pansanja yachiwiri ankawaza mchere m'makona onse mpaka m'nsapato za anthu, ndipo Baya anagonekedwa m'sefa yaikulu yokongoletsa ndi maliboni, ali tulo monga mwa masiku onse. Nermin anagwira diresi lake loyera n'kuyamba kudumpha sefayo, poti mayi amadumpha kasanu ndi kawiri. Hajja anagwada pambali ndi kamtondo kawo ka mkuwa, kamene anasiyiridwa ndi mayi awo, n'kumamenya kamunsi pafupi ndi khutu la mwana kuti adzakule wopanda mantha. Ngee. Ngee. Mkuwa wakale umalira motalika, mawu ake amazungulira chipinda asanathe.

"Uzimvera mayi ako." Ngee. "Uzimvera agogo ako a kuno." Ngee. "Bambo ako uziwamvera Lachisanu lokha."

Anthu anaseka, Skander anakweza manja ngati wagwidwa.

"Azakhali ako a ku Sfax akakuuza kuti..."

Mawu anadukira pomwepo. Nermin anali atadumpha kachisanu, msana uli kwa mwana. Potembenuka anapeza mayi ake ataponya mpango pamwamba pa sefa, kamunsi kali m'malere, nkhope yawo ili ngati ya munthu amene waitanidwa dzina m'chipinda chopanda anthu.

"Kwagwanji, Amayi?"

"Mchere ukumugwera m'maso. Pitiriza, kwatsala kawiri."

Nthungululu zinalira, maswiti anagawidwa, ndipo Nermin anaiwala.

Kuyambira mawa lake Skander anasanduka munthu wa envulopu. Ankatuluka nayo m'mawa, kubwera nayo masana itanenepa. Chikalata cha kubadwa, chikalata cha ukwati, chidindo, kenaka chidindo china chotsimikiza kuti chidindo choyamba n'chidindodi. Ku ofesi ya kazembe wakwawo ku Cairo anamupatsa tsiku, Lolemba m'mawa, n'kumuchenjeza kuti akaphonya, malo ena apezeka pakatha mwezi. Mwezi umenewo nkhalamba ija inalibe.

Chithunzi anangojambula okha pa foni. Anayala nsalu yoyera pabedi, Nermin anagwira kamutu kuti kasapendekeke, n'kukatsukitsa. Lachinayi anapita nacho ku ofesi ya mapasipoti ya kuno. Mayi wa kuseri kwa galasi anachiyang'ana nthawi yaitali, akumwetulira.

"Mulungu amusunge, ndi wokongola. Koma wagona."

"Ali ndi masiku khumi okha," anatero Nermin.

"Ndikuona, mwana wanga. Koma pafunika maso otsegula, kumbuyo koyera, dzanja la munthu lisaoneke. Chala ichi n'cha ndani?"

"Changa."

"Chala chanu chili ndi pasipoti yake kale. Bwerani ndi china."

Skander anaimba foni ku Cairo ali pomwepo, ndipo kumeneko anamuuza zomwezo, mawu ndi mawu, ngati anapangana.

Lachisanu ndi Loweruka nyumba yathu yonse inali pa ntchito yodzutsa Baya. Wina anamugirigisha kuphazi ndi nthenga. Wina anamupukuta kumaso ndi madzi ozizira. Skander anamuimbira nyimbo za mpira za ku Sfax mpaka a pansanja yachinayi anagogoda pansi ndi tsache. Tanti Soheir anabwera ndi anyezi woduladula m'kambale n'kumununkhizitsa. Baya anayetsemula katatu, maso ali chitsinzinire, ndipo amene analira misozi ndi Tanti Soheir eni ake. Nthawi yonseyi Hajja anali kukhitchini, akuphika zinthu zambirimbiri zimene palibe anapempha.

Lamulungu linali tsiku lomaliza, poti sitima ya ku Cairo inali ya Lolemba m'mamawa. Anatsika ndi mwana kupita kwa a Milad, ojambula zithunzi a pakona pa msewu wathu, amene anajambula Nermin ali kusukulu ya mkaka, n'kudzamujambulanso pa ukwati wake. Anatsegula masana atachoka kutchalitchi, ndipo anawauziratu kuti folo koloko atseka, ali ndi ukwati wokajambula.

"Zaka makumi atatu ndili pano," anatero akuyala nsalu yoyera patebulo. "Ndajambula ana olira, ana oluma, wina anandikodzera pa kamera. Wogona sanandikanikepo."

Anagwedeza makiyi. Anazimitsa magetsi n'kuyatsanso. Anamunyamula chilili n'kumugoneka pang'onopang'ono, akuti ana onse amatsegula ukatero. Analira ngati mphaka, munthu wamkulu wa imvi. Baya anayasamula, n'kutembenuzira kamutu kumbali.

"Malume," anatero Skander, mawu ali pansi, "pa kompyuta simungathe? Kungoikapo maso."

"Maso a ndani? Ndili nawo a ana ambiri m'menemu, musankhe? Ayi, mwana wanga. Ine sindiika maso a mwana wa eni pankhope ya mwana wanu. Adzakula, adzafunsa."

Wotchi ya pakhoma inali itadutsa filii koloko pamene foni ya Skander inalira. Anamvetsera, sanayankhe zambiri. Atatha anakhala pa kampando ka ana kaja, kokhala ngati bowa, mawondo ali m'khosi.

"Mlongo wanga. Akuti lero bambo anafunsa kuti n'chifukwa chiyani sanatsegule mawindo. Anali otsegula."

Nermin anaima pambali pa tebulo akuyang'ana zikope za mwana wake, zopyapyala, za timitsempha tofiirira. Anali wotopa mpaka m'mafupa, ndipo mumtima ankangoti, mwana iwe, tsegula kamodzi kokha, sitidzakuvutanso.

Panjapo panadutsa wogulitsa gasi ndi njinga yake, akumenya silinda ndi sipanala monga amachitira kuti a m'mwamba amve. Kho, kho, kho. Chitsulo chosalira bwino, chogonthagontha. Koma zikope za Baya zinanjenjemera. Sizinatseguke, zinangonjenjemera ngati za munthu amene wamva mawu ofanana ndi a wina wake, kenaka n'kuzindikira kuti si iyeyo.

Pamenepo Nermin anakumbukira mawu oduka pakati, mpango pamwamba pa sefa, ndi nkhope ya mayi ake.

"Mugwire mwanayu," anauza Skander. "Ndikubwera."

Munthu wa masiku khumi ndi atatu chichirireni sathamanga pa masitepe. Anakwera atagwira khoma, akupuma pansanja iliyonse. Anapeza Hajja kukhitchini akukulunga mpunga m'masamba a mphesa, timipukutu tating'ono tofanana, mphika wachiwiri. Kamtondo, kamene zaka zonse kamakhala pa shelefu pafupi ndi chitofu, panalibe. Kanali pamwamba pa kabati, kuseri kwa mabotolo.

"Amayi, mchere sunamugwere m'maso tsiku lija."

Hajja anapitiriza kukulunga.

"Munaona."

"Ndinaona."

"Masiku onsewa tikununkhizitsa mwana anyezi, inu mukudziwa?"

"Anyezi sanaphepo munthu."

"Amayi."

Tsamba linang'ambika m'manja mwa Hajja, mpunga n'kumwazika patebulo. Anayamba kuutola kanjere kamodzikamodzi.

"Anandiyang'ana, Nermin. Iwe unali utatembenuka, anthu akuseka za mwamuna wako, ine ndekha ndinali pansi pamenepo. Sikunali kuyang'ana kwa khanda ayi. Anandiyang'ana ngati wakhala akundifuna. Ndiye ndinati, uyu akangojambulidwa, wapita." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Ndinangofuna masiku anga makumi anayi. Ndinayamba kuwawerenga tsiku lomwe unandiuza za mimba. Ndinagula shuga wa masiku makumi anayi. Ndalakwa pati?"

Nermin anabwera ndi mkwiyo, koma anaupeza utatha, mwina unatsalira pa masitepe. Anakoka mpando n'kukhala moyang'anana nawo.

"Inu mudzamuona akukwawa. Mudzamuona akuyenda, akukutukwanani, akukwatiwa ndi munthu amene simukumufuna ngati ine. Bambo aja lero afunsa kuti n'chifukwa chiyani mawindo ali otseka, pamene ali otsegula."

Firiji inkalira. Hajja anayang'ana mphika wawo nthawi yaitali, kenaka anadzuka n'kuzimitsa moto.

"Kwera pampando unditsitsire. Ayi, khala, ungang'ambe mabala. Ndikwera ndekha."

Zimene zinatsatira, khonde lililonse la msewu wathu linaona. Hajja Awatef, amene satuluka ngakhale kukataya zinyalala asanavale chovala chawo chakuda chosita, anadutsa pakati pa msewu ali m'diresi la kukhitchini la maluwa, masilipasi kuphazi, kamtondo ka mkuwa atakakumbatira pachifuwa ngati khanda. Wogulitsa zipatso anawafunsa ngati kuli sebuu ina. Iwo anangodutsa. Amayi atatu anatsika kuwatsatira, koma pakhomo pa situdiyo Hajja anatembenuka.

"Aliyense amene si mayi, si bambo, si wojambula, kunja. Soheir, ndi iwe womwe. Maso anu ndimawadziwa."

Anatseka chitseko, anapisa m'thumba la diresi n'kuyamba kuwaza mchere kuzungulira mwana.

"Hajja, mcherewo uoneka pachithunzi," anadandaula a Milad.

"Nsalu yanu ndi yoyera, mchere ndi woyera. Konzani makina anuwo."

A Milad anakwera pakamakwerero kawo, kamera italoza pansi. Skander anaima kumiyendo kwa mwana, Nermin kumutu, manja atawabisa kumbuyo kuti chala chisalowenso. Hajja anaika kamtondo m'mphepete mwa tebulo, anatchula dzina la Mulungu, n'kumenya.

Ngee.

Mawu a mkuwa anadzaza kachipindako, anakwera m'makoma odzaza zithunzi za maukwati ndi ana asukulu, n'kumazungulira osatha. Nsidze za Baya zinakwera.

"Uzimvera mayi ako," anatero Hajja. Mawu awo anali osasa. Ngee. "Uzimvera bambo ako, masiku onse, si Lachisanu lokha." Ngee. "Upite kwa agogo ako a ku Sfax. Ukawayang'ane monga unandiyang'anira ine."

Baya anatsegula maso.

Sanawatsegule modzidzimuka ngati mwana woopsezedwa. Zikope zinakwera pang'onopang'ono, zonse pamodzi, mpaka mapeto. Maso aakulu kuposa nkhope yake, otuwa moderako ngati nyanja yathu m'nyengo yozizira mvula isanagwe, onyowa, atsopano, osagwiritsidwapo ntchito. Sanalire. Anangoyang'ana m'mwamba, phee, ngati munthu amene wafika pamalo amene anauzidwa kale za iwo ndipo akuona ngati n'zoona.

Miyezi isanu ndi inayi Nermin anamunyamula, masiku khumi ndi atatu anamuyamwitsa, kumusambitsa, kumusintha matewera, koma ankasamala kathupi. Tsopano m'kathupimo munali munthu. Munthu wathunthu, wa yekha, amene sanali Nermin ndipo sanali Skander, akuyang'ana kunja. Skander anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri. A Milad, a zaka makumi atatu pa ntchito aja, anali atatsitsa kamera pankhope n'kumangoyang'ana ndi maso awo.

"Jambulanitu, a Milad," anatero Hajja osasiya kumenya. "Ndine wokalamba, mkono watopa."

Kamera inalira kasanu. Mkuwa utaleka kulira, Baya anayang'anabe pang'ono, kenaka anatsitsa zikope ngati wogulitsa akutseka sitolo yake madzulo.

A Milad anatsika pa makwerero, anachita chizindikiro cha mtanda, n'kuonetsa kagalasi ka kamera kwa Hajja poyamba.

"Ndi ameneyo," anatero Hajja. "Ndi amene ndinamuona." Kenaka anatembenukira kwa Skander, amene misozi inali itafika kale kundevu. "Akamwini, pukutani kumaso, kunja kuli Soheir."

Zotsalazo zinali za masitima, mizere ndi zidindo. Lolemba Cairo, Lachiwiri ofesi ya kuno, kumene mayi wa kuseri kwa galasi uja anatenga chithunzi, anachiyandikitsa kumaso, n'kuitana mnzake wa windo linalo kuti adzaone. Mapasipoti anatuluka motsatizana, yomaliza kutatsala masiku awiri kuti ndege inyamuke. Onse awiri obiriwira, ina ya chiwombankhanga pachikuto, ina ya chombo, mkango ndi sikelo. Nermin anawatsegula onse n'kuwaika pabedi pambali pa mwini wake, amene anali m'tulo. Anakhala akuyang'ana mpaka tiyi anazizira. Mayiko awiri, ndi asilikali awo ndi mabwalo awo a ndege ndi anthu awo osawerengeka, anali atalemba m'mabuku mwawo kuti uyu ndi wathu, mulekeni adutse. Ndipo m'mabuku onse awiri munali maso omwe aja, akuyang'ana aliyense wotsegula.

Hajja sanapite ku bwalo la ndege, anati miyendo. Sutikesi analongedza okha, osalola munthu kuyandikira. Ku bwalo la ndege, wachitetezo anayang'ana pa makina ake ounikira katundu, anakwinya nkhope, n'kuuza Nermin kuti atsegule. Pakati pa matewera ndi mapaketi a mughati panali chinthu cholemera chokulungidwa m'diresi la kukhitchini la maluwa.

"Mayi, sebuu mukachitira m'ndege?" anafunsa wachitetezoyo atanyamula kamunsi.

Nermin anaseka mpaka analira, kapena analira mpaka anaseka, Skander akuti sanathe kusiyanitsa.

Za ku Sfax anasimba yekha Nermin pa foni, ndipo zinatsika masitepe athu tsiku lomwelo.

Anadikira m'mawa, dzuwa litakwera. Anawakhazika Si Moncef pampando padenga la nyumba, pakati pa zingwe zoyanikira zovala, atavala malaya awo a Lachisanu ngakhale kuti sanauzidwe ndi munthu. M'dzanja anali atafumbata kagalasi kawo kakale kokonzera mawotchi. Anawaikira mwana pamiyendo. Anamusisita kamutu, timakutu, anawerenga tizala, kenaka anawerama mpaka mphuno zinatsala pang'ono kukhudzana.

"Wagona," anatero. "Palibe kanthu. Musamudzutse. Ndaona tsitsi, ndaona kamwa. Zakwana."

"Dikirani, Bambo."

Nermin anaimika foni pakhoma la denga, mayi ake ali pa mzere kuchokera ku Alexandria, n'kumasula diresi la maluwa lija. Chibadwire anali asanamenyepo kamtondoko. Anagwada, anagwira kamunsi, n'kumenya. Kho. Baya sanasunthe n'komwe.

"Ukumenya m'mbali," inatero foni. "Menya pakati, ndipo usakagwire mwamphamvu, kalekere kalire. Anakulera ndani iwe?"

Nermin anamasula zala. Ngee.

Mawuwo anadutsa pamwamba pa madenga, nkhunda za kwa aneba zinauluka. Ngee. Mutu wa nkhalamba unali utatchinga dzuwa, ndipo m'kamthunzi kameneko zikope zinakwera. Si Moncef anaika kagalasi m'diso lakumanzere, anapendeketsa mutu uku ndi uku kufunafuna kampata kawo kaja, kenaka anaima, osagwedezeka, monga ankaimira akapeza pamene wotchi yafera.

Mlongo wake wa Skander anali atatseka pakamwa ndi ngodya ya mpango.

"Muli kankhalamba m'menemu," anatero Si Moncef potsiriza, motsitsa mawu kuti asaopseze. "M'diso lililonse kamodzi. Kavala kagalasi."

"Ndinu, Bambo," anatero Skander.

"Ndikudziwa kuti ndine. Ndakalamba chonchi, inu osandiuza?" Mutu sanausunthe ngakhale pang'ono. "Akundiyang'ana. Baya akundiyang'ana."

Mkuwa unayamba kuzirala, zikope nazo zinayamba kutsika.

"Mwana wanga," inatero nkhalamba osatembenuka, "menyanso. Sindinamalize."

Pa foni pankangomveka kupuma kwa Hajja ndi firiji yawo kutali. Nermin anakweza kamunsi.